Khonsolo ikafuna wogwira naye ntchito: kontrakiti, lizi, PPP, kampani kapena MoU?

Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Blantyre unapezeka ndi anthu oposa 800,000. Magalimoto onyamula zinyalala, zimbudzi za m'misika ndi nyali za m'misewu sizinachuluke pa liwiro la anthuwo, ndipo ndalama za misonkho ya malo sizikwanira kutseka mpatawo. N'chifukwa chake ku Civic Centre ku Chichiri, ngakhalenso ku ofesi ya bwanamkubwa, sikusowa makalata a makampani, mabungwe ndi magulu a achinyamata opempha kuti khonsolo iwasiyire ntchito ina. Kuvomera pempho lotere si kulakwa. Chomwe chimagwetsa makhonsolo m'milandu ndi kusankha njira yosagwirizana ndi ntchitoyo: kusaina kapepala ka MoU (chikalata chongosonyeza kumvana) pomwe pamafunika tenda, kapena kuthamangira PPP (mgwirizano womwe wamalonda amaika ndalama zake pa ntchito ya boma) ya zaka 25 pa ntchito yomwe ikanatheka ndi kontrakiti ya zaka zitatu. Njira iliyonse ili ndi lamulo lake, ofesi yake yovomereza, ndi pomwe imathyokera.

Musanasankhe njira

Khonsolo imaima payokha pamaso pa lamulo: ikhoza kukhala ndi katundu, kusaina kontrakiti, kusumira ndi kusumiridwa. Mphamvu zake zimachokera ku mutu 14 wa malamulo aakulu a dziko ndi ku Local Government Act ya 1998, ndipo chomwe malamulowa sanaipatse singachipereke kwa wina. Madzi a m'mipopi mumzinda muno ndi a Blantyre Water Board, magetsi ndi a ESCOM, misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority. Pa suweji pakufunika kusamala kwambiri, chifukwa Water Works Act ya 1995 ndi malamulo a makhonsolo onse amaikhudza. Wofuna kuyendetsa malo oyeretsera suweji monga a ku Soche kapena ku Limbe asasainitsidwe kanthu khonsolo ndi Water Board asanalemberane kuti mwini ntchito ndani. Onaninso malire: Lunzu, Chileka ndi Mpemba ndi madera a khonsolo ya boma la Blantyre, osati ya mzinda, ndipo zomwe khonsolo imodzi yasaina sizimanga inzake.

Mphamvu zina n'zosabwereketsa: kupanga malamulo a khonsolo, kuika misonkho ya malo, kukongola ndalama. Kampani ikhoza kutolera chiphaso cha pamsika m'malo mwa khonsolo, koma mtengo wa chiphasocho umaikidwa ndi khonsolo. Kulanda katundu wa venda kapena kutseka shopu ndi zochita za boma. Anyamata a kampani akachita zimenezi paokha, chipepeso chidzafunidwa ku khonsolo. Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene ofesi ya boma yachita chinthu chomukhudza, ndipo ufuluwu suchoka chifukwa choti ntchito mwaipereka kwa kontrakitala. Mayi amene wachotsedwa pa benchi yake mu msika wa Limbe adzapita kwa Ombudsman kapena ku khoti kukadandaula za khonsolo.

Ndiye pempho lililonse lifunsidwe mafunso atatu lisanafike n'komwe ku komiti. Ndani akuika ndalama zomangira kapena zogulira zida? Ndani azilandira ndalama kuchokera m'manja mwa anthu? Nanga katunduyo adzakhala wa yani mgwirizano ukadzatha? Mayankho ake ndiwo amasankha njira, osati dzina lomwe wopemphayo walemba pamwamba pa kalata yake.

Kontrakiti ya ntchito: khonsolo ilipira, wina agwira

Iyi ndiyo njira yosavuta kulowa ndi kutulukamo. Khonsolo imakhalabe mwini ntchito, imatolera yokha ndalama, ndipo imalemba kontrakitala kuti anyamule zinyalala, atsegule ngalande kapena akonze nyali. Pamaso pa lamulo uku ndi kugula, choncho kumayendera malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma lomwe linalowa m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP kudzera m'lamulo la 2017. Ntchitoyo ikhale mu bajeti ndi mu ndondomeko ya zogula ya chaka chimenecho, komiti ya khonsolo yoona zogula (IPDC) ivomereze zikalata za tenda, tenda ilengezedwe, maenvulopu atsegulidwe pamaso pa opikisana, owunika atsate miyezo yomwe inalengezedwa, osati yomwe yabwera m'mutu pambuyo pake. Mtengo ukapitirira malire omwe PPDA inaika, fayilo imapita kaye kumeneko. Wopambana akadziwika, olephera auzidwe ndipo masiku odikira madandaulo athe musanasaine. Kudula ntchito imodzi m'zidutswa kuti chilichonse chigwe pansi pa malire n'koletsedwa, ndipo owerengera ndalama za boma amakuona msanga: ma LPO (mapepala oitanitsira katundu kapena ntchito) asanu, kampani imodzi, mwezi umodzi, ntchito yofanana.

Pomwe makontrakiti a zinyalala amafera ndi pa kalipiridwe. Mukamalipira pa ulendo, lole imapita kumtaya wa Mzedi ili theka, chifukwa maulendo ndiwo ndalama. Mukamalipira pa tani, pafunika sikelo yoyezera galimoto yonse. Popanda sikeloyo matani amangolembedwa m'buku, ndipo nyengo ya mvula mumalipira madzi ndi dothi. Mukamalipira ndalama imodzi pa mwezi osayendera, sikipi (chibini chachikulu cha zinyalala) ya pamsika imasefukira kontrakitala ali phee. Chomwe chimagwira ndi kuphatikiza: dera lojambulidwa pa mapu, mndandanda wa masikipi ndi masiku owachotsera, tikiti yodindidwa ndi munthu wa khonsolo pa geti la mtaya ulendo uliwonse, ndi ndalama yodziwikiratu yomwe imadulidwa sikipi ikagona yodzadza kupitirira maola 48. Tikiti ya pa getiyo musaipeputse. Dizilo wokafika ku Mzedi ndi wodula, ndipo dalaivala wosayang'aniridwa amatha kukhuthula katundu wake m'mbali mwa Mudi kapena Naperi usiku n'kubwerera.

Chachiwiri ndi mtengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kontrakiti yomwe inalembedwa ndi mtengo wosasintha imafika poti kontrakitala sangagule mafuta, ndiye amayamba kujomba mwakachetechete, kapena amapempha kuwonjezeredwa ndalama popanda choyezera, khonsolo n'kuvomera m'kalata yomwe mawa idzaoneka ngati katangale. Gawani mtengowo kuyambira pachiyambi: gawo la mafuta litsate mtengo womwe MERA yalengeza, gawo la antchito litsate malipiro otsikitsitsa omwe boma laika, gawo lotsala lisasinthe. Kuwerengeranso kuzichitika pa nthawi yodziwika, mwachitsanzo kamodzi pa miyezi 6, ndipo mafuta akatsika mtengo utsikenso. Lembaninso masiku omwe khonsolo iyenera kulipira invoisi ndi chiwongoladzanja chomwe ipereke ikachedwa. Makhansala ena amadana ndi ndime imeneyi, koma khonsolo yomwe ili ndi ngongole ya miyezi inayi ilibe pakamwa podzudzulira kontrakitala, ndipo ku khoti ngongoleyo ndi yomwe imayamba kuwerengedwa. Ngati ndalama zikukwanira dera limodzi, sainani dera limodzi.

Chaka chimodzi n'chachifupi kwa munthu amene akufunika kugula galimoto. Wopatsidwa chaka chimodzi amabwera ndi lole yobwereka yotha matayala. Zaka zitatu zimamupatsa mpata wopita ku banki. Chikole cha ntchito, chomwe kawirikawiri chimakhala 10 peresenti ya mtengo wa kontrakiti, chichokere ku banki kapena ku kampani ya inshulansi, ndipo wina alembe tsiku lomwe chikutha, chifukwa chikole chotha ntchito ndi pepala chabe.

Njira yoyandikana ndi iyi ndi kupatsa kampani dera kuti izitolera yokha ndalama khomo ndi khomo. Imakopa chifukwa khonsolo situlutsa kanthu. Vuto lake n'loti aliyense amafuna Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside, komwe misewu ilipo ndipo anthu amalipira, n'kukusiyirani Ndirande, Mbayani ndi Bangwe, komwe zinyalala zachuluka koma lole silowa. Mangani dera lolipira ndi dera lovuta mu gawo limodzi la tenda. Ndipo ngati malamulo a khonsolo sanena kuti khomo lililonse liyenera kulipira komanso kuti mtengo wake ndi wotani, ufulu womwe mwapatsa kampaniyo ulibe poimira. Malamulowo akonzedwe kaye, podziwa kuti amayamba kugwira ntchito nduna ikawavomereza.

Lizi ndi kuyendetsa katundu wa khonsolo

Mwini njinga ya kabaza ali ndi njira ziwiri: kumulipira mnyamata pa mwezi n'kumalandira zonse zomwe wapeza, kapena kumuuza kuti azibweretsa ndalama yakuti madzulo aliwonse, zotsala n'zake. Pa njira yoyamba nkhawa imakhala pa ndalama zobisidwa. Pa yachiwiri imakhala pa njinga, chifukwa mnyamatayo aithamangitsa osaikonza. Chimbudzi cholipira, depoti, malo oimika magalimoto ndi holo ya khonsolo zimayenda chimodzimodzi. Mukalemba woyendetsa n'kumamulipira, khonsolo imasenza chiopsezo cha ndalama zochepa ndi malisiti abodza. Mukabwereketsa pa lendi yokhazikika, ndalama imabwera yodziwika, koma pakutha pa zaka zitatu mumalandira chimbudzi chopanda zitseko, matanki osweka ndi dzenje losapopedwa.

Pa katundu wamng'ono ngati chimbudzi cha pamsika, lendi yokhazikika ndiyo yabwino, pokhapokha ndime za kukonza zikhale zolimba. Pa katundu wobweretsa ndalama zambiri ngati depoti, ikani ndalama yotsikitsitsa yomwe iyenera kubwera zivute zitani, kuphatikizapo gawo la zomwe zapitirira, ndipo matikiti akhale a manambala otuluka ku khonsolo kapena malipiro adutse pa foni kuti pakhale poonera. Musanalengeze, werengani nokha. Ikani anthu anu pa geti masabata angapo, kumapeto kwa mwezi ndi pakati pa mwezi, nyengo yokolola ndi ya Januwale, kuti mudziwe zomwe malowo amapanga. Khonsolo yomwe sidziwa nambala imeneyi imalandira mtengo uliwonse womwe wopempha watchula.

Kubwereketsa katundu wa boma si nkhani yokambirana pa tebulo la anthu awiri. Katunduyo awerengedwe mtengo ndi katswiri wovomerezeka, mwayi ulengezedwe, khonsolo yonse igamule, ndipo chigamulocho chioneke mu maminitsi. Fufuzaninso ngati malowo alidi a khonsolo. Mu Blantyre muli malo a unduna wa za malo, a Malawi Housing Corporation, a anthu wamba ndi a khonsolo moyandikana, ndipo nyumba ikhoza kukhala yoti khonsolo yaigwiritsa ntchito zaka zambiri pomwe chikalata cha umwini chili m'dzina lina. Lizi yaitali ikalembetsedwe ku ofesi ya za malo.

Tsiku lopereka makiyi pakhale mndandanda wosainidwa ndi mbali zonse, wokhala ndi zithunzi: zitseko zingati, mipopi ingati, thanki ya malita angati, mita ya madzi ndi ya magetsi zikuwerenga pati. Mamitawo asinthidwe kupita m'dzina la wobwereka, apo ayi Water Board idzadula madzi n'kutumiza bilu ku khonsolo. Mtengo wolowera m'chimbudzi ukhale ndi denga lomwe khonsolo yaika. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre, ndi chifukwa chokwanira choikiramo ndime yopatsa khonsolo mphamvu yolowa n'kuyendetsa malowo yokha pa nthawi ya mliri, kapena kulamula kuti anthu alowe ulere, lendi ya masiku amenewo n'kuchotsedwa. Ndipo ngati ndi msika, komiti ya mavenda imve nkhaniyi tenda isanatuluke. Akaimva mutasaina kale, chotsatira ndi chiletso cha khoti, ndipo wobwereka uja adzafuna kuti mumubwezere zomwe wataya podikira.

PPP yeniyeni

Apa wochita malonda amabweretsa ndalama zake ndi za banki, amamanga msika, depoti kapena malo osamalira zinyalala, amayendetsa zaka zambiri kuti abweze ndalamazo, kenako amapereka katunduyo ku khonsolo. Njanji yomwe likulu lake lili ku Limbe inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999 pa mgwirizano wa zaka zambiri, ndipo utali woterewu ndi womwe muyenera kuuganizira: makhansala omwe adzavote adzakhala atachoka kalekale mgwirizano ukadali moyo.

Lamulo lake ndi Public-Private Partnership Act, ndipo bungwe loyang'anira ndi PPP Commission, lomwe linalowa m'malo mwa Privatisation Commission ndipo ofesi yake ili mu Blantyre momwe muno. Khonsolo singayende yokha pa njirayi. Pamafunika kafukufuku woonetsa kuti ntchitoyo ingatheke, kuti anthu angakwanitse kulipira, ndiponso kuti kuipereka kwa wamalonda kukuposa kuigwira ndi ndalama za boma. Unduna wa za chuma umaunika zomwe boma lingadzasenze zinthu zikavuta. Ntchito ngati mtaya watsopano imafunanso chilolezo cha MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, pansi pa Environment Management Act ya 2017, ndipo ngati pali anthu osamutsidwa, chipukutamisozi chawo chidziwike kuti alipira ndani, makina asanafike. Zonsezi zimadya miyezi yambiri ndi ndalama za maloya ndi akatswiri, n'chifukwa chake PPP siyenera ntchito yaing'ono. Chimbudzi cha zipinda khumi sichingabweze ndalama ya kafukufuku wake.

Tiyerekeze kuti wina akufuna kumanga msika wosanja pamalo pa msika wakale. Ndalama zake zidzabwerera kudzera mu lendi ya mabenchi ndi mashopu. Lendi ikakwera kuti ngongole ya banki ibwezedwe, mavenda amatuluka n'kukayala malonda pa msewu, komwe kulibe lendi ndipo ogula ndi ambiri. Msika watsopano umakhala gwa, wopanda anthu. Wamalonda wochenjera amaziona izi pasadakhale, ndiye amapempha zinthu ziwiri: kuti khonsolo ilonjeze kuchotsa mavenda m'misewu yozungulira, ndiponso kuti ndalama zikachepa kuposa mlingo wakuti, khonsolo iziwonjezera. Lonjezo loyamba limamanga manja a khonsolo pa nkhani yomwe ndi ya ndale komanso ya chitetezo. Lachiwiri ndi ngongole yobisika: silioneka mu bajeti tsiku losaina, koma limadzatuluka chaka chilichonse chomwe msika sunadzaze. Khonsolo ilibe ufulu wokongola kapena kuimira ngongole ya wina popanda chilolezo cha boma, ndipo lonjezo lotere liwerengedwe ngati ngongole kuyambira pachiyambi. Mavenda akale alembedwe mayina ntchito isanayambe, malo awo ogulitsirapo pa nthawi yomanga adziwike, ndipo lendi yawo ya zaka zoyamba ilembedwe mu kontrakiti.

Ndime yomwe anthu amaiwerenga mothamanga ndi ya kuthetsa mgwirizano, pomwe ndi yomwe ili ndi ndalama zambiri. Khonsolo ikathetsa yokha, imalipira ngongole ya banki yotsala, ndalama zomwe mwini anaika ndiponso phindu lomwe amayembekezera. Ngakhale wolakwa akhale wamalondayo, banki imafuna kupatsidwa mpata wobweretsa wina woyendetsa, kapena kulipidwa gawo la ngongole popeza nyumbayo ikutsala ndi khonsolo. Funsani nambala zenizeni za chaka chachisanu, chakhumi ndi cha 15 musanavote. Ngati ngongoleyo ili m'madola pomwe lendi ikulowa m'makwacha, kontrakiti inene yemwe asenze kusiyanako. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula nyumba, milatho ndi misewu ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda uno, choncho ndime ya ngozi zogwa mwadzidzidzi isakopedwe m'buku: itchule madzi osefukira ndi kugumuka kwa phiri, inshulansi yake, ndi yemwe amange kachiwiri. Zaka ziwiri mgwirizano usanathe katunduyo ayenderedwe ndi injiniya wosakondera mbali, ndipo ndalama ina isungidwe mpaka zowonongeka zitakonzedwa.

Mapempho ambiri a PPP amabwera osaitanidwa: munthu wafika ndi zojambula zokongola, akuti ali ndi omuthandiza kunja, akungofuna malo ndi siginecha sabata ino. Lamulo lili ndi njira yolandirira mapempho otere, ndipo njirayo imadutsa ku PPP Commission. Kalata yomulonjeza kuti khonsolo sikambirana ndi wina aliyense pa malowo ndi yoopsa kuposa momwe imaonekera. Ena amaitenga n'kukaigulitsa, ena amaisunga zaka osamanga kanthu, n'kudzaitulutsa tsiku lomwe mwapeza womanga weniweni.

Kampani ya awiri

Nthawi zina wamalonda amati tipange kampani limodzi: khonsolo ibweretse malo, iye abweretse ndalama, phindu tigawane. Mwa njira zonse, iyi ndi yomwe tingailangize pomaliza penipeni. Malo akalowa m'dzina la kampani pansi pa Companies Act ya 2013 achoka m'manja mwa khonsolo. Kampani ikakongola n'kulephera kubweza, banki imagulitsa malowo. Khonsolo yokhala ndi masheya ochepa imagonja pa voti iliyonse, ndipo pakafunika kuwonjezera ndalama zomwe ilibe, gawo lake limacheperachepera. Phindu logawana limabwera ndalama zonse zoyendetsera zitachotsedwa, ndipo yemwe akuyendetsa ndiye amadziwa kutupitsa ndalama zoyendetserazo. Ofesala kapena khansala woikidwa mu bodi amakhalanso pa mphanda, chifukwa lamulo limamuuza kuti atumikire zofuna za kampani. Ngati palibiretu njira ina, malo aperekedwe pa lizi osati kusamutsa umwini, ndipo pangano la eni masheya lipatse khonsolo mphamvu yokana kugulitsa katundu, kukongola ndi kusintha ntchito ya kampaniyo.

Mabungwe, mipingo ndi magulu a m'madera

Kuno ndiye kumachuluka ma MoU. MoU ndi yabwino pogwirizana za kagwiridwe ka ntchito pomwe palibe ndalama kapena katundu wosinthana: bungwe liphunzitsa makomiti a zaumoyo, khonsolo ipereka holo. Ikangolowamo ndalama ya khonsolo, malo, kapena ufulu wotolera ndalama kwa anthu, pafunika kontrakiti. Ndipo musadzinamize kuti pepala lolembedwa MoU pamwamba silingakumangeni. Khoti limawerenga zomwe zili m'kati. Ngati muli malonjezo omveka ndi malipiro, likhoza kulitenga ngati kontrakiti, pomwe owerengera ndalama za boma akulitenga ngati kugula kozemba tenda. Kampani yomwe ikukongoletsa raundabauti posinthana ndi malo oika chikwangwani chake ikulandira chinthu cha mtengo, choncho mtengo wa chikwangwanicho ndi wa ntchito yomwe ikugwira zilembedwe, pamodzi ndi zaka zake.

Chitsanzo chomwe chilipo kale ndi mapangano a maofesi a zaumoyo m'maboma ndi zipatala za CHAM: chipatala cha mpingo chimathandiza amayi oyembekezera ndi ana ulere, boma n'kumalipira pa mtengo wogwirizana. Mphamvu ya pangano lotere ili pa mndandanda wa chithandizo, mtengo wa chilichonse ndi kutsimikizira mainvoisi. Kufooka kwake kuli pa kuchedwa kulipira, chifukwa chipatala chosalipidwa chimabwerera ku kulipiritsa odwala. Mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi omwe amayendetsa makiyosiki m'madera a Blantyre akuonetsanso kuti gulu la m'dera likhoza kusunga ndalama za anthu ngati lili lolembetsedwa, lili ndi akaunti ku banki, antchito olipidwa ndi mabuku owerengedwa.

Kulembetsako n'kofunika. Gulu la achinyamata lomwe lili ndi dzina ndi tcheyamani basi silingasumiridwe ngati gulu; ndalama zikasowa mumatsala ndi anthu omwe akulozerana zala. Likhale kopaletivu, kampani kapena bungwe la matrasti, ndipo ngati ndi bungwe lomwe si la boma, lionetse satifiketi yomwe ikugwira ntchito yochokera ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe otere. Funso lomwe limaiwalika ndi la tsiku lomwe wopereka thandizo adzachoke. Bungwe lamanga malo opangira manyowa kuchokera ku zinyalala, pulojekiti yatha, galimoto yapita ku pulojekiti ina, alonda sanalipidwe. Pangano linene kuti katundu adzatsala ndi yani, ndipo khonsolo isalandire chinthu chomwe ilibe bajeti yochiyendetsera.

Makhonsolo awiri akhozanso kugwirizana okhaokha, ndipo lamulo limalola komiti ya onse awiri. Pa mtaya watsopano, womwe malo ake sangapezeke mosavuta m'kati mwa mzinda, kapena pa galimoto yozimitsa moto yomwe imaitanidwa kunja kwa malire, njirayi ndi yotchipa kuposa zonse. Chofunika n'kulemba kagawidwe ka ndalama ndi khonsolo yomwe ikhale bwana wa antchito.

Antchito, chinsinsi ndi mikangano

Pa njira iliyonse yomwe ikuchotsa ntchito m'manja mwa khonsolo pali anthu omwe amaigwira kale: osesa, otolera ziphaso, madalaivala. Employment Act ya 2000 imateteza zaka zomwe munthu wagwira pamene ntchito yasamukira kwa bwana wina, ndipo wochotsedwa chifukwa ntchito yake yatha ayenera kulandira ndalama yake yotsazikira. Kambiranani nawo nthawi ikadalipo, werengerani ndalamayo, ndipo kontrakiti inene yemwe alipire. Mukapanda kutero nkhaniyi imakathera ku Industrial Relations Court, ndipo ndalama yomwe mumati mwapulumutsa imapita kumeneko. Kontrakitala azionetsa umboni woti akupereka penshoni, 10 peresenti ya bwana ndi 5 peresenti ya wantchito, ndiponso kuti onyamula zinyalala ali ndi magolovesi, magambutsi ndi inshulansi ya ngozi za pantchito.

Khansala kapena ofesala yemwe ali ndi gawo mu kampani yopikisana, kapena m'bale wake ali nalo, anene poyera, zilembedwe mu maminitsi, ndipo atuluke m'chipinda nkhaniyo ikamakambidwa. Kukhala chete n'kusavota sikokwanira. Ndime ya chinsinsi yomwe makampani amakonda isalembedwe ngati ikuphimba kontrakiti yonse: Access to Information Act inayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mtolankhani kapena wokhala mu wadi akhoza kupempha kuona zomwe khonsolo yasaina. Mkulu wowerengera ndalama za boma apatsidwenso ufulu woona mabuku a kontrakitala okhudza ntchitoyo.

Pa mikangano, ikani makwerero: akuluakulu a mbali ziwiri akumane m'masiku owerengeka, zikakanika pabwere mkhalapakati, kenako woweruza wapadera kapena nthambi ya zamalonda ya High Court yomwe ili mu Blantyre. Lamulo lolamulira kontrakiti likhale la Malawi ndipo mlandu uzimvedwa kuno. Khonsolo yomwe ikuvutika kugula dizilo singatumize maloya ku London. Onjezani kuti ntchito isaime pamene mkangano uli m'kati.

Pomaliza pake, kontrakiti iliyonse ikhale ndi ofesala mmodzi wotchulidwa udindo wake, wosunga fayilo, malipoti a mwezi ndi mwezi ndi makalata ochenjeza. Khonsolo zambiri zimalephera kuchotsa kontrakitala wolephera chifukwa madandaulo onse ananenedwa pa foni, ndipo tsiku lopita ku khoti mufayilo mulibe kalata ngakhale imodzi yomupatsa masiku oti akonze. Ofesala yemweyo alembe tsiku lomwe kontrakiti ikutha n'kuyambitsa tenda yatsopano miyezi 6 lisanafike. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho kontrakiti yomwe ikutha pakati pa chaka iyenera kulowa mu bajeti ndi mu ndondomeko ya zogula zomwe zikukonzedwa Malichi asanathe. Zikaiwalika, khonsolo imayamba kuwonjezera miyezi itatuitatu ndi kalata ya mkulu wa khonsolo, ndipo kalata iliyonse yotero ndi kupereka ntchito popanda mpikisano.